Kompyuta Yanga Inatsala Pang'ono Kunamizira a Nabanda

Lachinayi lapitali ndinachokera ku Kasina mtima uli m'malo, chikhalirecho ndinapita ndili wokonzeka kuwonongera mayi wina mbiri.

Kwa zaka ziwiri tsopano ndakhala ndikupanga ndekha pulogalamu ya pakompyuta yosungira zinthu za kalabu ina ya alimi a mbatatesi. Ndilibe bwana, ndilibenso mnzanga wondidzudzula. Pulogalamuyo imasunga zinthu m'njira zitatu: mndandanda wa mayina ndi minda, mawu amene mlimi wanena monga momwe wawanenera, ndiponso mizere yosonyeza kuti mbewu inachoka kwa yani kupita kwa yani. Mizereyo ndiyo ndinkanyada nayo kwambiri.

Chaka chino mbatatesi zafota m'minda ingapo. Nditafunsa pulogalamu, mizere yonse inakathera pakhomo pa a Nabanda, mayi wamasiye amene amadalira kugulitsa mbewu. Apampando a kalabu atangoona, anagamula kuti pa msonkhano wa Loweruka mayiwo aletsedwe kugulitsa. Ine, musandifunse, ndinadzimva ngati dokotala.

Chinandipititsa kwa a Nabanda ku Kasina si nzeru ayi. Ndinkangofuna kujambula thumba lawo la mbewu kuti ndikaonetse pamsonkhano.

Ananditengera m'kanyumba kawo kozizira, kolowa mphepo bwino. Munali matumba ambirimbiri, lililonse lomangidwa ndi kansalu ka mtundu wake. Anandifotokozera kuti anzawo amasungitsa mbewu kwa iwo chifukwa mmenemo siwola, ndipo nthawi yobzala ikakwana aliyense amadzatenga thumba lake.

"Bambo, ine ndimangosunga," anatero. "Kodi mwana woleredwa akadwala chobadwa nacho, wolakwa ndi mlezi?"

Ndinachita manyazi. Pulogalamu yanga inkadziwa mzere umodzi wokha, wa kupatsa. Wa kusungitsa ndinali ndisanauganizeko n'komwe, choncho thumba lililonse lotuluka m'kanyumbako linkaoneka ngati mbewu ya a Nabanda.

Ndinakhala pakhonde pawo pomwepo n'kutsegula mbali ija ya mawu a alimi, imene ndinkaiyesa yosafunika kwenikweni. Onse a minda yofota anali atanena chinthu chimodzi: mbewu anagula m'mbali mwa msewu ku Chimbiya, kwa munthu wongodutsa, n'kudzasungitsa kwa a Nabanda. Ogula kwa a Nabanda minda yawo ili bwinobwino. Yankho linalimo kalekale, ine ndi amene sindinawerenge.

Kunena zoona ndinasangalala ngati mlandu unali wanga. Apampando nditawauza, nkhani yoletsa inathera pomwepo.

Koma chikundivutitsabe ndi ichi. Pa anthu onse a komiti, palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa kuti mizereyo ndinaijambula bwanji. Ena mwa iwo amasungitsa mbewu kwa mayi omwewo! Anangoti kompyuta yanena. Masiku ano tikaona chinthu pa sikirini timavula chipewa, kuiwala kuti kuseri kwake kuli munthu ngati ine, wokhala yekha m'chipinda, amene sanasungitsepo thumba kwa mnzake.

Mutu umodzi susenza denga, ngakhale mutuwo utadziwa kompyuta. Mzere wa kusungitsa ndawonjezera, ndipo ndapempha alimi awiri kuti aziyamba aona chilichonse chisanapite ku komiti.

A Nabanda sakudziwa kuti dzina lawo linali pa ndondomeko ya msonkhano. Anapulumuka chifukwa ndinkafuna chithunzi. Nanga amene dzina lake lili m'kompyuta ya munthu wosapita kukaona, adzamupulumutsa ndani?