Kadontho Kanafika, Lole Sinafike

Tsiku la ukwati wa mwana wa abwana awo, a Kadontho anapatsidwa udindo wotsogolera galimoto chifukwa ndiwo anali ndi foni yodziwa njira. Anakhala kutsogolo, tayi wofiira pakhosi, n'kumalamula kuti, “Kumanja! Yanena kumanja!” Galimoto zisanu ndi ziwiri zamaliboni, mahutala ali pakamwa, zinakathera pageti la malo ophera nkhumba. Mlonda anasuzumira mkwatibwi n'kufunsa ngati abwera kudzagulitsa kapena kudzagula. Wina akanaitaya m'chimbudzi foniyo. A Kadontho anangoti, “Wolakwa ndi amene anasuntha holo.”

Ndi munthu wotero. Dzina lenileni ali nalo, koma ngakhale akazi awo amalikumbukira pokhapokha akakwiya. La Kadontholi analitola kuntchito. Amagwira pakampani ya malole, m'kachipinda kopanda windo kuseri kwa galaja, momwe muli tebulo, fani yodandaula ndi kompyuta yoonetsa mapu. Lole iliyonse ili ndi kachipangizo komvera masatelayiti akumwamba, n'kumauza ofesi pamene lole ili. Pamapupo imaoneka ngati kadontho kobiriwira. Ntchito yawo ndi kuyang'ana timadonthoto mpaka kuweruka, ndipo ankaikonda kuposa momwe ena amakondera mowa.

Madalaivala sankawafuna. Kadontho kakaima ola lathunthu pamalo popanda sikelo yoyezera malole kapena pomwetsera mafuta, a Kadontho ankadikira mwini wake abwere n'kumufunsa pagulu kuti, “Kodi azakhali anu aja a nyumba ya malata ofiira akupeza bwanji?” Ndiwonso anathetsa chizolowezi choti dalaivala aziimba kuofesi akaima popumira. “Dalaivala amanama,” ankatero, “kadontho sikanama.”

Mmodzi mwa madalaivalawo anali mlamu wawo, mwamuna wa mlongo wawo wamng'ono. Anzake ankamutcha Giya Wani, chifukwa chilichonse ankachita pang'onopang'ono, kudya ndi kukwiya komwe.

Lachiwiri lina Giya Wani ananyamuka m'mawa ndi lole yodzaza mabatire a sola. Cha m'ma 2 koloko masana mlongo uja anatulukira pakhomo la kachipindako, mpango uli pambali, thovu la sopo litaumira m'mikono.

“Achimwene, alamu anu sanaimbe. Foni yawo yazima.”

“Ndiye wathamangira kuno chifukwa cha batire la foni?”

“Zaka khumi ndi chimodzi, ikangokwana 12 koloko amaima, amaimba, amafunsa ngati ana adya. Ngakhale titayambana amaimbabe, n'kumangopumira m'foni.”

A Kadontho anaseka, namukhazika pampando wawo wozungulira umene sakhalapo wina aliyense. “Taona. Uyu apa mwamuna wako. Sikisite pa ola, pamsewu wake weniweni. Lero sanaime n'komwe, wayamba kuphunzira changu.”

“Tumizani munthu akaone, achimwene.”

“Akaone chiyani? Ine si ndikuona? Pita ukamalize kuchapa.”

Anapita. A Kadontho anatsala akusirira kadontho ka mlamu wawo. Pachitunda sikisite, pamlatho sikisite, pamsika pomwe lole zimakwawa ngati kamba sikisite yomweyo. Anaitana makaniki kuti adzaone mmene dalaivala wabwino amayendera.

Kadontho kanafika kotsitsira katundu 5 koloko yeniyeni. A Kadontho anaimbako foni kuti ayamikiridwe. Woyang'anira kumeneko anati, “Lole yake iti? Pabwalo pano pali galu yekha.”

M'mawa mwake kunabwera katswiri wa zipangizozo, mayi wa magalasi wosaseka, ndipo anafotokoza ngati akuuza ana. Akuba a masiku ano amayenda ndi kawailesi kofanana ndi sopo kukula kwake, kolumikiza ku kompyuta ya m'manja. Kamalankhula chinenero cha masatelayiti, koma mokweza, chifukwa satelayiti ili kutali ndipo iko kali pampando wa lole. Kachipangizo ka m'lole kamamvera wofuula kwambiri, ngati pa mlandu wa banja. Ukakauza kuti uli pamsewu waukulu, kamavomera, n'kukauza ofesi zomwezo.

“Ndiye kuti dzulo lonse ndimayang'ana chiyani?” anafunsa a Kadontho.

“Filimu,” anatero mayiyo.

Giya Wani anamupeza Lachinayi amayi ena otola mabotolo. Anali mu paipi yodutsa madzi pansi pa msewu, ulendo wosakwana ola kuchokera pagalaja. Anthu ovala majekete onyezimira anamuimitsa cha m'ma 11 koloko Lachiwiri lija, kumumenya, kumumanga manja kumbuyo ndi waya n'kumukankhira mmenemo, lole n'kupita nayo. Galimoto zomufunafuna zinkadutsa pamwamba pake kuthamangira kutali komwe kadontho kanathera. Dokotala sanabise mawu: wayayo akanamasulidwa Lachiwiri masana, dzanja likanapulumuka. Lamanja analidula pamfundo.

A Kadontho ntchito sinawathere. Abwana anati makina ndiwo ananama. Masiku ano amaimbira dalaivala aliyense ola lililonse, ndipo madalaivala amayankha kuti, “Ee, ndili moyo, bwana,” n'kudula. Mpando wozungulira uja anaupereka kwa mlonda wa pagalaja. Aonda, tayi anasiya.

Loweruka lililonse amapita kwa mlongo wawo ndi shuga ndi sopo. Mlongoyo amalandira ndi manja awiri, amathokoza ngati akuthokoza mlendo, n'kulowa m'nyumba. Giya Wani amakhala pakhonde, akuphunzira kumanga mabatani ndi dzanja lamanzere. Sanawanenepo kanthu alamu akewo. Anthu omudziwa akuti mkwiyo wake udakali m'njira.

Poti pakhondepo mawu amasowa, a Kadontho amatembenukira kwa aliyense wodutsa n'kuyamba kufotokoza za kawailesi kaja: kukula kwake, mtengo wake, mmene kanapusitsira ngakhale zombo zikuluzikulu zapanyanja, nanji munthu mmodzi m'kachipinda kopanda windo. Loweruka lapitali anagwira amayi osoka zovala a nyumba yoyandikana, amene anamva nkhaniyo kachinayi tsopano. Amayiwo analuma ulusi, n'kuulavula, n'kunena osadzutsa mutu pa makina awo:

“Inu a Kadontho, satelayitiyo sinakwatiwe ndi alamu anu. Amene anakwatiwa nawo anabwera yekha kudzakuuzani, inu munamutuma kukachapa.”