Wodwala Waganyu

Asanakhale wodwala waganyu, aMatenda ankameta anthu. Maso atayamba kuwanamiza, mpaka tsiku lina kutema khutu la kasitomala, anapachika lumo n'kupeza ntchito yomwe anzawo sanaikhulupirire: kugona pabedi pakoleji yophunzitsa osamalira okalamba ndi odwala. Ophunzira ambiri anali ochokera kumayiko ena, ndipo chidole chapulasitiki chomwe ankaphunzirirapo chinkawapusitsa, poti sichidandaula ukachipinda mkono. Pankafunika munthu weniweni woti azimutembenuza, kumupukuta ndi kumumwetsa madzi. Dzina la aMatenda linachokera pamenepo.

Chipindacho chinali choyera mopitirira muyeso, mabedi ali ndandanda, makatani obiriwira, fungo la mankhwala okolopera lili guu. Pabedi loyandikana ndi lawo pankagona chidole chija, kukamwa kuli yasaa, maso ali kudenga. Ankachipatsa moni m'mawa uliwonse, ati ndi mnzawo wapantchito yekhayo wopanda miseche.

Ntchito ankaidziwa, tisawanamizire. Aphunzitsi akati lero mwafa ziwalo mbali imodzi, mkono unkagwa ngati nsanza yonyowa, mlomo n'kupotoka, dovu chuchuchu. Wophunzira akawagwira ndi manja ozizira ankabuula mpaka mwana wa eni ake kutuluka thukuta. Mwana wawo wamkazi ankadana nazo zimenezi, ankati matenda si oseweretsa. Iwo ankangoseka, n'kumufunsa ntchito ina yomwe munthu amaigwira ali chigonere, ena akumudyetsa ndi supuni.

Tsiku la mayeso anawapatsa gawo lomwelo la kufa ziwalo. Dzuwa lili paliwombo, munalowa mtsikana wamtali wochokera kutali kwambiri, yemwe Chichewa chake chinali chongotola. Anagogoda, ananena dzina lake, anasamba m'manja, anatseka katani, zonse mwa dongosolo. Mtsikanayo akukweza kumutu kwa bedi, aMatenda anamva kanthu kakuthetheka m'mutu mwawo, mwakachetechete. Mkono umene ankaugwetsa dala uja unagwa wokha.

Anayesa kugwedeza chala, osatheka. Anafuna kunena kuti basi, imani kaye, koma lilime linali ngati la munthu wina. Chomwe chinatuluka ndi kubuula kuja kwa masiku onse, kosasiyana ngakhale pang'ono.

Apa mantha anawagwira, mantha enieni. Phunziro la matendawa analimva kambirimbiri ali gone pabedi lomwelo: amene afulumira naye kuchipatala amapulumuka, amene achedwa naye sabwereranso mwakale, mwinanso sabwerera n'komwe. Ndipo chipatala chinali tsidya la msewu, ma ambulansi ake ankamveka pawindo.

Mtsikana uja anawatembenuza mosamala, anaika pilo pakati pa mawondo, anawafunsa ngati penapake pakuwawa. Atawayang'ana m'maso, manja ake anaima. Anaona ndithu, ndipo aMatenda anaona kuti waona. Mtsikanayo anatembenukira kwa aphunzitsi, omwe anali poteropo ndi cholembera m'manja. Koma aphunzitsiwo anali atanena kale m'mawa kuti pamayeso wofunsa funso walephera, ndipo aliyense ankadziwa kuti wolephera amabwerera kwawo chimanjamanja. Mtsikanayo anatenga kansalu n'kupukuta msozi womwe unkatsikira m'khutu mwa aMatenda.

"Pepani agogo," ananong'ona. "Mwina ndi mmene mumachitira."

Anawafunditsa mpaka pachifuwa, anawaikira belu loitanira m'dzanja lakufa lija, anatsanzika mwaulemu n'kutuluka osacheuka.

Aphunzitsi anayandikira bedi akumwetulira, nawasisita paphewa.

"Koma lero ndiye mwaposa, bambo. Ngakhale ine ndinatsala pang'ono kukhulupirira. Musadzuke, atsala ambiri pamzere."

Anabwerera pampando wawo. Pakhomo panamveka kugogoda kwaulemu.