Namfedwa Sanyamula Bokosi

Ndinadzidzimuka kunja kusanache, ndili pansi, pakapeti, mutu nditatsamira mwendo wa sofa. Chinandidzutsa ndi kiyi. Ndinamva bwinobwino kiyi akutembenuka pachitseko, kenaka wina akukankha ndi phewa, monga ankachitira Limbani, poti chitseko changa chimatupa kukagwa mvula. Ndinadikira kuti alowe, afunse ngati mumphika mwatsala kanthu. Koma Limbani, mlongo wanga wamng'ono, anali m'bokosi pambali pangapo, atamuveka suti imene sankaikonda n'komwe. Mtima wake unangoima ali pamalo odikirira basi ku Ballymun, akuchokera kuntchito.

Amayi amene anachezera pa siwa anali lambalamba pabalaza ponse, ena mpaka pamasitepe. Tinali titaimba mpaka mawu kusasa. Abambo anali kugalaja atazungulira hita, chifukwa kuno kwa azungu, ku Blanchardstown, ukakoleza moto panja, aneba akuitanira ozimitsa moto usanakhale n'komwe pansi. Ndinasuzumira pawindo. Pachitseko panalibe munthu, koma kutsidya kwa msewu galimoto ya Declan inali pomwe ndinaiona dzulo lake, magalasi atachita nthunzi. Anagona momwemo.

Declan ndi mzungu wa konkuno amene ankakhala ndi Limbani ku Drumcondra. Anthu athu ankati ndi mnzake wogawana naye nyumba, koma panalibe wosadziwa. Anali mwamuna wake. Anakamangitsa ukwati ku ofesi ya boma, ndipo wa kuchimuna kaya ndi kuchikazi, sindikudziwa kuti ndinene bwanji, ndinali ine ndekha. Nkhani yokonda amuna anzakeyi ndi imene inamuchotsa Limbani ku Ntcheu. Amayi athu kumudzi tinawauza kuti wapita kusukulu, iwo sanafunsenso. Limbani anali atanena kale kuti kumene anathawa ali moyo tisadzamubwezereko ali m'bokosi, ndiye tinagwirizana zomuika konkuno, amayi aonere pafoni.

Mwa lamulo la kuno, mwini maliro anali Declan. Koma anatisiyira ife zonse, akuti Limbani ankalakalaka nyimbo zakwathu. Tsono pa siwa yakwathu amayi amakhala m'nyumba, abambo panja, ndipo wamasiye amakhala kumutu kwa bokosi. Malo a Declan anali pati? Atalowa madzulo aja n'kuima pakhomo ndi maluwa m'manja, nyimbo inayamba kuzilala. Bambo wina amene timamupatsa upampando pamaliro athu onse anamugwira paphewa mwaulemu n'kupita naye kugalaja. Kumeneko anamupatsa mpando, n'kumacheza Chichewa modutsa pamutu pake. Kenaka anangotuluka.

Ndinawiritsa tiyi n'kumupititsira Declan kugalimoto kuja. Anatsitsa galasi, maso ali psuu, sikafu ya timu ya mpira imene Limbani ankasapota ili m'khosi. Anandithokoza, osati chifukwa cha tiyi. Anati apampando amuuza kuti anyamula nawo bokosi, kutsogolo kwenikweni, pamodzi ndi anzawo a kumpira. "Ndinanyamula bambo anga chimodzimodzi," anatero. "Sindinkayembekezera kuti mundipatsa ulemu umenewu." Analira, ine n'kungoima mumvula ndi kapu yopanda kanthu.

Abale, sankadziwa kuti amupusitsa. Kwa anthu a kuno, wonyamula bokosi ndi wapamtima, mwana kapena mbale. Kwathu n'zosiyana. Onyamula ndi adzukulu, anthu apadera odzathandiza. Namfedwa sanyamula, sakumba, saphika. Amayenda pambuyo pa bokosi atamugwira uku ndi uku kuti angagwe. Apampando anali atandinong'oneza kale nzeru yawoyi kukhitchini. Anati mzungu asangalala, ife sitichita manyazi, amayi kumudzi aona mnzake wa malemu akuthandiza, aliyense abwerera kwawo ndi mtendere. Si munthu woipa, amangodana ndi phokoso. Ine pakamwa panga sipachedwa, amandidziwa onse kuntchito kumene timasamalira okalamba. Koma tsiku limenelo ndinangoti chabwino.

Kutayamba kuyera, amayi anayatsa mbaula za gasi kuseri kwa nyumba, pansi pa lona. Mpunga, nkhuku, nyemba, kabichi. Kamvula ka kuno kaja kanali kakuwaza, kosamveka padenga koma konyowetsa mpaka m'kati. Anthu anayamba kufika, ena atavala yunifomu ya kuntchito, ochokera shifiti ya usiku, ena ndi ana amene ukawapatsa moni m'Chichewa amayankha m'Chingerezi. Aliyense amalowa, kugwada, kupereka dzanja, kulira pang'ono, kenaka maso pawindo, kuyang'ana galimoto ija.

Cha m'ma naini koloko kunafika anthu a kumpira. Ndinkaganiza kuti abwera anyamata angapo, koma anadzaza msewu. Madala a imvi, amayi ndi ana pangolo, atsikana ometa mpala, onse ndi masikafu a mtundu umodzi. Anabwera ndi masangweji m'mathileyi. Kutsogolo kunali mbendera ya timu yawo, m'mphepete atasokerera mitundu ya utawaleza, chizindikiro cha anthu ngati Limbani ndi Declan. Mayi wina wa kwaya ataiona anatembenuka n'kuyamba kutsuka mphika woyera kale.

Mbendera imeneyo ndinkaidziwa. Limbani anaisokera pamakina anga, n'kundithyolera singano. Kwathu anali sapota wolusa, ndipo anandiuza kuti masapota akayamba kutukwana oyimbira mpira ndi mawu aja onyoza anthu ngati iye, iyeyo ndiye ankakuwa kuposa onse, kuti wina asamukayikire. Kuno anapeza kagulu ka masapota a timu ina ya kumpoto kwa mzindawu, amene amakhala mbali imodzi ya sitediyamu ndi mbendera yawo poyera. Declan anamupeza komweko. Sikuti konse kunali kwabwino ayi. Tsiku lina anabwera jekete ili nyowe ndi mowa umene wina anawathira kuchokera kumbuyo. Koma anati dala wina amene wakhala pampando womwewo kuyambira ali mwana anaimirira n'kumuthamangitsa wothira mowayo. Kuyambira pamenepo Limbani sankaphonya mpira wa Lachisanu, kaya timu ikuluza chotani, ndipo inkaluza ndithu. Ndinkamuseka kuti anawoloka nyanja kudzasapota anthu osadziwa kumene kuli golo. Mpira ukatha ankadzera kwanga kudzadya, mawu atasasa, n'kumakankha chitseko chija.

Tikutulutsa maliro, masapota anaima mizere iwiri, masikafu atakweza m'mwamba. Kenaka anayamba kuwomba m'manja. Amayi akwathu aja anadzidzimuka, wina mpaka anati, "Mayo, akusangalala chiyani?" Ine ndinkadziwa kuti ndiko kulira kwawo. Kuwombako kunamveka ngati mvula ya matalala pamalata a kwathu, ndipo ndinaganiza za amayi kumudzi, atakhala pakhonde ndi achibale, foni ili patsogolo.

Za kutchalitchi sindikumbukira zambiri. Ansembe, amene ndi akwathu, anati Limbani anali wokonda anthu ndi wokonda mpira. Dzina la Declan silinatchulidwe. Anakhala mzere wachitatu, ndipo ndikacheuka ndinkaona akutembenuza mphete pachala. Nthawi yonseyo mayi wina anali atakweza foni yanga kuti a kumudzi aone, ndipo kankhope ka amayi kanali m'menemo, atamanga duku wakuda, osagwedezeka.

Tinafika pachipata cha manda mvula itakula. Anatulutsa bokosi m'galimoto, amuna aja n'kuliika pamapewa, atakolowekana mikono monga amachitira kuno. Declan anali kutsogolo, tsaya atagunditsa pathabwa. Kumbuyo kwa bokosi, pamalo a namfedwa, ndinaima ine, amayi awiri atandigwira. Ndinayang'ana anthu athu. Nkhope zawo zinali zitamasuka. Nzeru ya apampando inali itagwira, ndipo mlongo wanga ankapita kudzenje ngati munthu amene sanakhalepo ndi wake.

Apa ndi pamene ndinamumvanso Limbani. Sindikunena kuti ndinaona mzukwa, ine ndine Mkatolika. Koma ndinamva kumbuyo kwa khutu mmene ankanenera akafuna kanthu, "Asisi," mokoka, basi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinadzimasula kwa amayi aja n'kukaima kutsogolo kwa bokosi, onyamula n'kuima.

Ndinamuuza Declan m'Chingerezi kuti achokepo. Nkhope imene anandiyang'ana nayo sindidzaiiwala. Anaganiza kuti ndikumulanda ngakhale kochepa kamene tinamupatsa. Mtsikana wina wa mbendera anayamba kundikalipira, masapota akung'ung'udza. Ndinakodola dala wina wa imvi kuti alowe m'malo mwake, iye analowa mosafuna. Kenaka ndinamukoka Declan pamkono n'kukamuimika kumbuyo kwa bokosi, pakati penipeni, pamene ndinali ine. Ndinamugwira mkono wakumanja ndi manja anga onse awiri. Ndinanena mokweza m'Chichewa kuti foni imve, "Namfedwa sanyamula bokosi."

Azungu sanamve kanthu. Athu anamva onse. Namfedwa amagwiridwa mbali zonse ziwiri, ndipo mkono wake wakumanzere unali lende. Ndinadikira. Apampando ankayang'ana nsapato zawo. Banja lina linatembenuka n'kubwerera kugalimoto, ndipo mpaka lero silinandiyankhule. Ndinachita mantha, abale, mantha enieni, kuti tiyenda choncho awiriwiri, amayi akuona.

Amene anabwera anali mayi wa kwaya uja wotsuka mphika woyera. Anafika akupukusa mutu, osandiyang'ana, n'kugwira mkono winawo. "Tiyeni, maliro akunyowa," anatero, n'kuyambitsa nyimbo. Amayi ena anavomera, ochepa poyamba. Tikuyenda ndinamunong'oneza Declan tanthauzo la malo amene waimawo. Anayenda pang'ono, kenaka anagwa m'manja mwathu monga amagwera amasiye onse. Tinamunyamula ndithu mpaka kudzenje.

Dothi loyamba anaponya ndi iye. Ogwira ntchito pamanda ankafuna kuvundikira dzenje ndi chinsalu chobiriwira kuti adzakwirire ife titapita, koma abambo athu anakana, anapempha mafosholo. Masapota ataona anavula majekete n'kuyamba kulandirana nawo. Anakwirira onse pamodzi, matope mpaka m'mawondo. Nditatenga foni yanga, inali itazima. Mayi woigwira uja anati a kumudzi anadula okha, tikadali pachipata.

Anthu anadya n'kubalalika msanga, ambiri anali ndi shifiti. Pofika madzulo m'nyumba munatsala fungo la maluwa ndi makandulo, ndi mizere inayi pakapeti pamene panaima miyendo yoikapo bokosi. Declan anakhala pampando wa kukhitchini, sikafu ikadali m'khosi. Sindinamulole kubwerera ku Drumcondra.

Foni inalira. Anali amayi. Sanandipatse moni, ndipo kumbuyo kwawo kunalibe phokoso la anthu, ndiye ndinadziwa kuti alowa kuchipinda okha.

"Amalume ako akwiya," anatero. "Akuti watichititsa manyazi pamudzi."

Ndinati ndamva.

"Uja unamugwira mkono uja, wadya?"

Ndinati ayi, wakana.

"Umukakamize. Ndipo asagone yekha m'nyumba, wamasiye sasiyidwa yekha tsiku loika." Anapumira m'mwamba. "Mwana wanga ndinamubereka ndine. Unkaganiza kuti sukulu yake yosathayo sindinkaidziwa?" Foni inaduka ndisanayankhe.

Ndinatenthetsa mpunga ndi nyemba n'kumuikira patsogolo. Mawu amene ndinali ndisanawatchulepo anatuluka okha. Ndinati, "Alamu, idyani." Chichewa amadziwa chochepa, koma mawu amenewo ankawadziwa. Anatenga supuni.

Linali Lachisanu. Nthawi imene mpira umatha itakwana, tonse awiri tinasiya kutafuna, osauzana. Kunja basi inaima, n'kunyamukanso. Mphepo inakankha chitseko kamodzi. Tinakhala choncho, maso pakhomo, chakudya chikuzizira.