A Zebedee Mwalweni ndi Madzi a Mbuna

Ndinafika ku Chilumba m'chaka cha 1974, nditasamutsidwa kuchokera ku Dedza kuti ndidzaphunzitse sayansi pasukulu ina ya mishoni. Woyamba kundilandira anali a Zebedee Mwalweni, mlonda wa pasukulupo, amene kale anali msodzi wa usipa kufikira msana utawaletsa kupalasa bwato. Akazi awo anali atamwalira, ndipo ankakhala ndi galu wamkazi, dzina lake Lekazawo, ndi mphaka wopanda dzina.

Ziweto ziwirizi zinkadyera m'mbale imodzi. Nditafunsa, anandifotokozera kuti mphakayo anamutola ali kamwana, namupukuta ndi chiguduli chimene galu ankagonapo ndi ana ake, mpaka fungo linafanana. Lekazawo anamununkhiza kawiri, kenaka anamulola kuyamwa.

M'kalasi mwanga munali thanki yagalasi yokhala ndi nsomba za mbuna khumi ndi ziwiri. Abusa anatibwereka thankiyo ndi chenjezo lakuti nsombazo zikadzafa, idzapita kusukulu ina. Ana a asodzi, amene nsomba ankaidziwira mu ukonde ndi pathandala, ankapanikizana pagalasi kuti aone mbuna ikusunga tiana take m'kamwa. Sindinkafuna kuti alandidwe chimenechi.

Madzi ankasamala ndi a Mwalweni. Loweruka lililonse ankachotsako ena ndi kuthira atsopano a m'nyanja. Zipangizo zoyezera tinalibe. Iwo ankaona ngati nsomba zikukwera pamwamba kudzapuma, ankanunkhiza madziwo, ndipo asanathire atsopano ankatungako pang'ono m'mbale ndi kupatsa mphaka.

M'mwezi wa Malichi chaka chotsatira a Mwalweni anadwala malungo. Pofuna kuwapepuza, ndinabwereka mgolo, ndi kuudzaza madzi a m'nyanja. Ndili pafupi kuthira, anatulukira atafunda bulangete, ziweto zawo zili pambuyo.

"Asambizgi, imani kaye," anatero, pakuti ankanditchula kuti aphunzitsi m'Chitumbuka. "Mgolowu mwautenga kwa yani?"

"Kwa a Hudson, adada. Ndautsuka katatu."

"A Hudson olima thonje? Mwe!"

Anatunga madzi m'mbale naika pansi. Mphaka ananunkhiza, anakutumula mwendo, nachoka. Lekazawo anathamangira kuti amwe, koma iwo anamugwira pakhosi.

"Choka, chindere iwe! Uyu angamwe ngakhale palafini. Ali ngati anthu a ku Dedza, madzi akangoyera basi akhulupirira."

Ndinaseka, koma manyazi anandigwira. Tinapita kwa a Hudson, amene anavomera mosabisa kuti m'mgolomo ndimo ankasungunuliramo mankhwala opopera thonje, ndipo ankaganiza kuti ndikufuna madzi oumbira njerwa. Ndikanathira, nsomba zonse zikanafa dzuwa lisanapendeke.

Tsiku limenelo ndinasenza ndekha ndowa zisanu kuchokera kunyanja, ine mphunzitsi wovala tayi, amayi a pamsika akundiseka. A Mwalweni anakhala pampando wanga, akunjenjemera ndi malungo, nayesa ndowa iliyonse. Imodzi anaikana chifukwa ndinatunga pafupi ndi pochapira zovala.

Nsombazo zinakhala ndi moyo, zinaswana, ndipo thankiyo inali ikadali pasukulupo pamene ndinkachoka mu 1981. A Mwalweni anamwalira zaka ziwiri pambuyo pake, ndipo uthenga unandipeza mochedwa ku Ntchisi, kumene ndinasamukira. Ndimadzitonthoza pokumbukira kuti ndinawathokoza tsiku la mgolo lija, nditagwira manja awo onse awiri. Iwo anangoti, "Yewo, asambizgi," nanditumanso ndowa ina.