Dzina Lobwereka la Sumaila

Mlongo wanga Sumaila ndi munthu woti mukamulozera njira, amayamba wafunsa kuti anailambula ndani. Lero ndi mphunzitsi wa masamu, amavala tayi, ndipo ana asukulu amamuitana kuti a Chadzunda. Ine Rahima, mchemwali wake amene ndinamubereka kumsana, ndikamva dzina limenelo mutu umandiwawabe.

Bambo athu, a Mikaili, ankakhoma zidebe, mbaula ndi mabokosi achitsulo kuseri kwa msika ku Area 1. Mu 1978 Sumaila atasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, ababa anamukhomera bokosi labwino kuposa onse amene anagulitsapo. Mnyamatayo sanamalize ngakhale Fomu 1. Kulumpha mpanda anali iye, kusuta fodya kuseri kwa chimbudzi anali iye, ndipo pomaliza anakhuthulira pulifeketi mbale ya nyemba pamutu ati chifukwa munali anankafumbwe. Anabwera kunyumba ndi kalata yomuchotsa sukulu, bulangete lili kukhwapa. Bokosi lija anali atasinthanitsa ndi nsapato zazitali zidendene.

Ababa sanamumenye. Anangomupatsa hamala ndi mulu wa malata opindika. Paja amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha. Chaka chathunthu Sumaila anawongola malata padzuwa, zala zili mabala okhaokha, anzake akudutsa ndi mayunifolomu pa holide. Tsiku lina anangoti, "Ababa, ndikufuna sukulu."

Koma wochotsedwa sukulu akanalowera khomo liti? Njira inalipo imodzi, imene aliyense ankaidziwa koma osaitchula mokweza: kubwerera ku Sitandade 8 ndi dzina la munthu wina. Moyandikana nafe munkakhala mayi Anastazia Chadzunda, ogulitsa zitumbuwa, Akatolika olimbikira. Mwana wawo Reinford anali atasiya sukulu n'kupita kukagwira ntchito ku esiteti ya fodya ku Kasungu.

"Dzinalo langokhala m'kaundula, palibe akuligwiritsa ntchito," anatero mayiwo. "Tengani."

Analankhula ngati akutibwereka sefa. Sumaila analemba mayeso ngati Reinford Chadzunda, anasankhidwanso, n'kupita ku sekondale ina kutali. Zaka zinayi sitinalandire kalata ya dandaulo ngakhale imodzi. Mpaka anamusankha kukhala pulifeketi wa kuholo yodyera, iye yemweyo! Mayeso a Fomu 4 anakhoza bwino kwambiri moti ahedi ake anamutumizira okha fomu yofunsira malo ku koleji.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito yotayipa mu ofesi ina ku City Centre. Ndinamukokera kometa, poti tsitsi lalitali unali mlandu. Ndinamujambulitsa zithunzi, ndinaonetsetsa kuti khadi la chipani ali nalo, ndipo fomuyo ndinaitayipa ndekha nthawi ya nkhomaliro, anzanga akudya. Tsiku lomaliza kutumiza linali Lachisanu. Lolemba madzulo ndinamuyalira pepalalo patebulo kuti angosayina basi.

Analiwerenga kawiri, n'kuika cholembera pansi.

"Achemwali, sindisayina."

"Bwanji, inki yatha?"

"Reinford ali ku Kasungu akusoka fodya. Ine ndine Sumaila Mikaili. Ndiponso apa akufunsa ngati ndinachotsedwapo sukulu, inu mwalemba kuti ayi."

"Reinford anachotsedwapo sukulu?"

"Ayi."

"Ndiye bodza lili pati?"

"Amene anasintha khalidwe ndine, achemwali. Mukalemba Reinford ndiye kuti palibe anasintha. Ndiye kuti kunali mwana wina amene anangobadwa wabwino, ndipo Sumaila akadali chitsiru cha nyemba chija."

Kenako anatulutsa m'thumba kalata ya masamba atatu yopita kwa akuluakulu a koleji, youlula zonse kuyambira pa mpanda mpaka pa sefa ya mayi Anastazia.

"Iwe, chilungamo chakugwira lero? Zaka zisanu wakhala ukuitanidwa dzinali, ukuyankha bwinobwino! Ukatumiza zimenezi akulanda satifiketi. Akamaliza ndi iwe abwera kwa amake Reinford, kenako kwa aphunzitsi akupulayimale amene anatseka maso. Masiku ano munthu amapita yekha kukadziulula? Ukufuna ubwererenso ku malata?"

Lachiwiri ndinamunyengerera. Lachitatu ndinamukalipira mpaka anthu odutsa pamsewu anaima. Ndinamuuza kuti ali mwana anativutitsa ndi kupulupudza, lero akutivutitsa ndi kulungama, nanga ife tidzapuma liti? Ndinakwiya kwambiri, makamaka chifukwa pansi pa mtima ndinkadziwa kuti mawu ake aja anali oona.

Masiku onsewa ababa ankangokhoma zidebe zawo ngati sakumva. Lachinayi masana ndinachoka kuntchito ponamizira mutu, n'kutengera fomu ndi mwini wake yemwe kumene ankakhomera zidebe. Ababa anaika hamala pansi, napukuta manja pamalaya.

"Sumaila, dzina lakolo anakupatsa ndani?"

"Inuyo, ababa."

"Nanga anakulanda ndani?"

Ababa anadziyankha okha.

"Ndine ndemwe. Ndinapita kwa a Chadzunda ndi miyendo yangayi. Tchimo limeneli ndi langa, ndikayankha ndekha kwa Mulungu. Usandibere katundu wanga. Sayina."

Anasayina. Ndinalanda pepalalo inki isanaume n'kuthamangira ku positi, kuopa kuti angasinthenso maganizo.

Patapita miyezi, mayina a osankhidwa anawerengedwa pa wailesi. "Reinford Chadzunda." Dzuwa lisanapendeke, amayi a kutchalitchi kwa mayi Anastazia anafika ndi nthungululu, wina atanyamula nkhuku, n'kudutsa khomo lathu ngati palibe anthu. Mayi Anastazia anachita manyazi, koma akanati chiyani? Ababa anavala kofia yawo, napita kukawagwira chanza pamodzi ndi ena onse. Ine ndinatseka chitseko n'kulira ndi ukali. Nkhuku ija mayiwo anatipatsira kuseri kwa nyumba, koma Sumaila sanaidye.

Sabata yotsatira ababa anandipempha kuti ndiwalembere dzina la Sumaila pakatoni ndi zilembo zikuluzikulu, chifukwa iwo ankangodziwa zilembo za Chiarabu. Sindinafunse chifukwa chake. Anakhoma bokosi latsopano, ndipo wolemba zikwangwani anadzalembapo ndi penti yoyera dzina la pa fomu lija.

M'mawa wa tsiku la ulendo ndinaona kuti chivindikiro chonse chili ndi tiziphuphu pansi pa penti. Nditatsegula ndinapeza kuti mkati ababa akhomamo ndi msomali, kadontho ndi kadontho, SUMAILA MIKAILI.

"Ababa, mwaononga bokosi! Anthu akatsegula atiyesa chiyani? Banja lonseli mwapangana kuti mundiphe ndi mtima?"

"Penti imasupuka, mwana wanga," anatero, akufunafuna hamala yawo.

Kudepoti kondakitala anali pamwamba pa basi akulandira katundu. Anawerenga dzina lapapenti mokuwa, kawiri konse, Sumaila osayankha. Ndinamugunda ndi chigongono.

"Bokosi ili mwini wake ndani?" anakuwanso kondakitala uja.

Sumaila anayendetsa chikhatho pa tiziphuphu tija, pang'onopang'ono, kuyambira kumapeto mpaka kumapeto.

"Ndi langa," anatero.