A Mita Anadzilemba Sikisi

Kuholo ya pulu, kuja timamenya mipira ndi ndodo patebulo, anthu amanong'onezana kuti a Mita anathamangitsidwa m'timu atagwidwa akusokoneza manambala m'buku la ligi. Ena amathiramo ndi mchere womwe, ati ankabisa labala wofufutira m'sokosi. Ine ndine wometa, ndipo mabodza onse a m'dera muno amayamba akhala pampando wanga asanapite kokayenda. Ambiri ndimangowasiya, ena ndimawadzoza mafuta kuti awale. Koma ili lokha ndalikana, chifukwa tsiku limene a Mita ankachoka m'timu ndinalipo, ndipo timuyo inali yathu.

Dzina loti Mita analitengera kuntchito. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri anayenda khomo ndi khomo kuwerenga mamita a madzi. Ntchito imeneyo palibe amene amakupatsa mpando. Umazembera kumbali kwa nyumba, kugwada, kuvundukula kachitsulo, kupukuta galasi ndi chala, kulemba, n'kutuluka. Okulonjera ndi agalu okha. Eni ake amanena kuti agalu a misewu isanu ndi umodzi ankawadziwa mayina onse, koma eni agaluwo ankangowadziwa mawu okha, aja ochokera pawindo oti, "Mutseke geti potuluka!"

Amakhala m'zipinda ziwiri kuseri kwa shopu ya matayala. Mayi akunyumba anapita kwa mwana wawo wamkazi kukathandiza kulera khanda, akuti miyezi itatu. Khandalo pano likupita lokha kusukulu. Palibe anakangana, palibe anathamangitsa mnzake. Foni imalira Lamulungu masana, kufunsana za mawondo ndi za mvula, basi. Ndinalowamo kamodzi m'nyumbamo kukawameta atadwala. Mipando ndi iwiri, koma winawo anakhazikapo wailesi. Ndinameta nditaimirira, zomwe sizachilendo kwa ine, koma tiyi ndinamweranso chiimire, ndipo kapu tinachita kulandizana.

Tsono za ligi ndifotokoze, pakuti ena mumangomva mipira ikuphulika mukamadutsa pamsewu. Matimu tilipo asanu ndi atatu, timasewera Loweruka masana pa matebulo awiri, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya penti. Wosewera aliyense ali ndi nambala yake, kuyambira thuu mpaka seveni. Thuu ndi uja amagwira ndodo ngati akupirikitsa nkhuku pakhonde. Seveni ndi uja umangomupatsa moni n'kukakhala pansi. Nambala ndi katundu: wamphamvu amasenza zambiri. Sikisi akakumana ndi filii, sikisiyo ayenera kupambana magemu asanu, pamene filii akangopambana awiri wathana naye. Ndiye pali lamulo lina, loti akatswiri asaunjikane timu imodzi: manambala a anthu asanu osewerawo mukawaphatikiza asapitirire twente-filii.

Nambalayo simadzisankhira. Ukafika patebulo n'kumenya mpaka kuphonya, umenewo ndi ulendo umodzi, ndipo wa timu ina amakulembera kamzere papepala. A Mita ndiwo amatolera mapepala onse, kupita nawo kunyumba, kuphatikiza magemu makumi awiri omaliza a munthu aliyense, n'kugawa. Amene akumaliza gemu ndi maulendo ochepa, nambala yake imakwera. Loweruka lotsatira amakhoma mndandanda pachitseko. Udindowu tinawapatsa chifukwa panalibe wina woufuna. Ine sukulu ndinasiyana nayo tsiku lomwe aphunzitsi analemba masamu ogawa pabolodi, ndinaona kuti apa pafika pa anthu ena.

Popeza nambala yotsika ndi yopepuka, tonse timadziwa kudzifetsa. Ukaona kuti gemu ndi yako kale, umaphonya dala kawiri katatu, kugwira mutu, kutukwana choko, kuti timizere tichuluke. Ine ndakhala folo zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndikukuuzani kuti kukhala folo nthawi yonseyo pamafunika luso loposa la sikisi.

Timu yathu inali motere. Kaputeni, wowotcherera zitsulo, munthu wamawu ngati akulankhula ndi wina kutsidya la msewu, anali sikisi. Abale awiri ogulitsa nsapato, onse folo. Ine folo. A Mita faifi. Phatikizani nokha: twente-filii ndendende, ngati nsapato yatsopano, yoti chala chimodzi chikangotupa ndiye kuti ulendo watha.

Kwa ife Loweruka linali tsiku lothawa makasitomala ndi akazi athu. Kwa a Mita linali tsiku lokhalo pa sabata limene munthu amawamenya paphewa. Malaya ankasita Lachisanu. Ankafika oyamba, kusungira aliyense mpando, kupukuta mipira yonse ndi mpango wawo. Tikamawaseka kuti amayang'ana mpira ngati akufuna kuudulira madzi, ankaseka mpaka kuvula magalasi. Anthu ena amadana n'kunyogodoledwa. Iwo ankachita ngati akuwotha moto.

Vuto linabwera chifukwa atapuma pantchito, masiku enawo analibe kopita. Mwini holo akamabwera kudzasesa naini koloko m'mawa, ankawapeza atakhala kale pamasitepe, ndodo ili pamiyendo. Ankasewera okha mpaka masana, a Mita kulimbana ndi a Mita, kumenya, kuzungulira tebulo, kudziyankha. Munthu ukachita zimenezo zaka zitatu, dzanja limaphunzira ngakhale usanalitume. Ife tinkangosangalala kuti mdala wathu akupambana. Sitinaganize kuti chala chija chayamba kutupa.

Anatiuza okha, Loweruka lina tikudikira tebulo.

"Akuluakulu, ndikukwera."

"Mukukwera chiyani, basi?" anatero Kaputeni.

"Nambala. Ndaphatikiza dzulo. Ndikasewera lero ngati mmene ndaseweramu masabata apitawa, ndine sikisi."

Wamkulu wa abale ansapato aja anawerenga ndi zala, n'kuyambiranso. "Twente-folo," anatero.

Kaputeni anaseka. "Aaa, mdala, nkhani yake imeneyi? Dzifetseni pang'ono. Phonyani kanayi kasanu. Funsani wometayu, ndi mphunzitsi wamkulu wa zimenezo."

"Ine ndimaphonya ndi mtima wonse," ndinatero.

"Kapena musaphonye n'komwe," anapitiriza Kaputeni, mawu atawatsitsa, kutanthauza kuti tsopano ankangomveka m'holo mokha osati kumsewu. "Buku lili kwanu. Ndani analitsegulapo? Wonjezerani timizere titatu, mwatha. Mwalemba manambala a anthu moyo wanu wonse, palibe mayi amene munamuchotserapo pang'ono atakudandaulirani?"

"Ayi."

"Ngakhale mmodzi?"

"Ndinkalemba zimene mita yanena."

"Ndiye n'chifukwa chake ankakulonjerani agalu okha," anatero Kaputeni. Tinaseka tonse. Iwonso anaseka, koma magalasi sanavule.

Tsiku limenelo anakumana ndi telala wina, folo. Ndinkawayang'anitsitsa, ndipo ndikuchitira umboni kuti anayesa. Gemu yoyamba anaphonya mpira woti ngakhale mphepo ikanaugwetsa. Anauphonya moipa kwambiri moti telala uja anawafunsa ngati akudwala. Anabwerera pampando thukuta lili kamukamu, osayang'ana munthu, ngati wagwidwa akutola ndudu pansi. Kaputeni anawatsinzinira diso kuti mwayamba bwino.

Ulendo wawo utafikanso anaimirira, kupaka choko nthawi yaitali, kuwerama. Go! Mpira m'bowo. Anazungulira. Go! Wina. Kaputeni anayamba kutsokomola. Anatsokomola mpaka mwini holo anamubweretsera madzi. A Mita sanatembenuke. Anagwetsa yonse mpaka wakuda, ndipo magemu otsatirawo anachita chimodzimodzi. Telala anangotsala atagwira ndodo ngati mlonda. Timu yathu inapambana, ndipo sindinaonepo anthu opambana akutsika masitepe mwakachetechete chotero.

Loweruka lotsatira tinapeza mndandanda uli kale pachitseko. Mzere wachisanu ndi chiwiri, m'zilembo zawo zowongoka zija: sikisi. Eni ake anali atatisungira mipando monga mwa masiku onse.

Kaputeni anatiitanira pamasitepe. Anali atabwera ndi mlamu wake, wogulitsa mafoni akale, filii, munthu amene wakhala akupempha malo m'timu kuyambira kalekale.

"Wina atsike m'timu, alamuwa alowe," anatero Kaputeni. "Ine sinditsika, ndine kaputeni."

"Ife mukachotsa mmodzi mwachotsa tonse," anatero wamng'ono wa ansapato. "Mayi anatibereka choncho."

Apa ndiye pamene ndiyenera kunena zoona, ngakhale zikundiwawa ngati lumo lobuntha. Masamu ogawa sindiwadziwa, koma ophatikiza ndimawatha. Ndikanatsika ine, folo, n'kulowa filii, zikanakwana twente-filii, a Mita ali momwemo. Ndinaziwona. A Mita anaziwona ine ndisanaziwone. Ndinali ndi mkazi kunyumba, ana anayi, shopu yodzaza anthu olongolola kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Loweruka limodzi silikanandipha. Koma ndinapeza kuti chingwe cha nsapato yanga chikufunika kumangidwa, ndipo ndinachimanga mosamala kwambiri.

"Musavutike," anatero a Mita. "Wakwera ndine."

"Mdala, si kuti tikukuthamangitsani," anatero Kaputeni. "Mukangotsikanso, malo anu alipo."

"Ndamva."

Analowa m'holo, n'kuchotsa chipewa chawo pampando umene anadzisungira, kuti mlamu uja akhalepo.

Matimu enawo palibe anawatenga. Sikisi ndi katundu wolemera, aliyense anali atadzaza kale. Ndipo poti sakusewera magemu a ligi, mapepala awo sakusintha, nambala singatsike. Adzakhala sikisi mpaka kalekale, sikisi wopanda tebulo.

Bodza lija linabadwa tsiku lomwelo. Wina anafunsa Kaputeni kuti bwanji mdala sakusewera, iye n'kuyankha kuti, "Nkhani ya manambala, zisiyeni." Mawu amenewo anatsika masitepe ali wamba, pofika pamsewu anali atavala jekete. Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewo amene amati a Mita ndi wakuba amawapatsabe mapepala Loweruka lililonse, ndipo akakangana za nambala amati, "Tiyeni tikafunse buku." Palibe anapemphapo kuti bukulo alisunge iye. Kunena munthu n'kosavuta, kugawa ndi makumi awiri ndiye ayi.

Pano patha chaka ndi miyezi. Amabwerabe oyamba, malaya osita. Amakhala pakona pafupi ndi windo, pamene pali kashelefu koikapo choko, ndodo ili m'thumba lake pansi pa mpando. Amaonera magemu onse osaombera mbali. Mlamu wa Kaputeni akamenya mpira woyera mpaka kudumpha tebulo, ndiwo amautola n'kuupukuta. Kuwanyogodola tinasiya, ndipo ndikuganiza kuti chimenecho ndicho choipa kwambiri chimene tinawachita. Munthu amene unamuchimwira sumuseka bwino. Timangowapatsa moni waulemu ngati alendo, "Mwaswera bwanji, bambo," iwo n'kuyankha, ife n'kudutsa. Pakati pa sabata, mukadutsa pansi pa sitolo ya penti cha m'ma teni koloko, mumva go, kenako zii, kenako go.

Lachiwiri lapitali anabwera kudzameta. Shopu inali yopanda anthu. Ndinawakulunga nsalu, kuyatsa makina, n'kuyamba ndi kumbuyo kuti tisaonane maso pagalasi.

"Tsitsi likuthawa, mdala. Posachedwa ndizingokupukutani ndi mpango."

"Meta lomwe lilipo."

"Amayi akuti abwera liti?"

"Akuti mwana akatsekera sukulu."

"Chaka chake chiti?"

Phewa lawo linagwedezeka pang'ono, ndipo ndinalimba mtima.

"Paja tsiku lija pamasitepe," ndinatero, "nsapato yanga ija..."

"Inamasukadi. Ndinaiona."

Inali isanamasuke, ndipo tonse awiri tinkadziwa. Ndinameta mbali ina yonse osalankhula, zomwe makasitomala anga angakuuzeni kuti sizinachitikepo.

"Mukudziwa zimene akunena anthu?" ndinafunsa pomaliza.

"Anthu ati?"

"Onse. Akuti munachotsedwa m'timu chifukwa munkaba manambala m'buku. Akuti labala mumabisa m'sokosi. Bwanji osawayankha? Ine ndikhoza kuima nanu Loweruka, tiwauze onse."

Anavala magalasi, kutembenuza mutu uku ndi uku kuyang'ana ntchito yanga, n'kuloza pamwamba pa khutu pamene ndinasiya tsitsi pang'ono. Nditakonza, anadzimasula okha nsalu ija n'kuimirira.

"Ukawauze kuti ndikanaba, bwenzi ndikusewera."