Chithunzi cha pa khonde la madamu

Atanditumiza ku Chintheche kukaphunzitsa Chichewa, ndinapita ndi mwana wanga mmodzi yekhayo, wamkazi, ndi thumba la ufa wa kwathu ku Dedza. Kondowole sindinkamufuna. Fungo la chinangwa choviika likatipeza panjira ndinkagwira mphuno, mwana n'kugwiranso yake, kenaka tiziseka. Tinali awiri basi, ndipo ine zinkandikwanira.

Chaka chimene iye anayamba sekondale, a hedi anatiuza kuti tizipangira ana ntchito za mawu pa intaneti. Chithunzi uku, mawu uku, mwana akoke mawu ndi chala mpaka pa chithunzi choyenera. Akakhoza, foni inkamuombera m'manja. Ine ndinkatola zithunzi zopezekeratu pa intaneti pomwepo: ng'ombe zonenepa zakunja, khasu lonyezimira losakhudzapo dothi. Ndinkati zakwana, chofunika ndi mawu.

Koma panali mnzanga wophunzitsa Chingerezi, mayi wa komweko, wamtali, woseka ndi mano onse. Iyeyu ankajambula yekha. Ankatenga foni n'kupita kwa asodzi a ku Kande, kumsika, kutchalitchi, ngakhale kwa amayi osenda chinangwa. Ana akaona azakhali awo pa foni ankachita kulimbirana, makolonso ankaitanizana kudzadziona. Zanga ankatsegula pokhapokha ndikawaopseza. Ndinkauza anzanga kuti zimenezo si maphunziro, n'zachionetsero, koma mumtima ndinkapsa.

Ana a eni sanandipweteke kwenikweni. Anandipweteka ndi wanga. Akaweruka, nkhani inali imodzi: madamu anena izi, madamu avala izi, madamu akuti ndili ndi mutu wa Chingerezi. Mutuwo anaupeza kwa yani? Ankabwereka foni yanga yomwe kuti akachitire ntchito za madamuwo, zanga zili pomwepo osazikhudza. Loweruka anayamba kupempha kupita kwa madamuwo, ati kukathandiza kujambula. Ankabwera madzulo atakhuta, Chitonga chili mbwembwembwe pakamwa, mpunga wanga n'kugona mumphika.

"Wadya chiyani kumeneko?" ndinamufunsa tsiku lina.

"Kondowole ndi usipa, amayi. Si woipa ayi, mungomuyesa."

Ndinangoti chabwino, koma mbale ndinatsuka mozimenyetsa.

Lolemba lina mu ofesi ya aphunzitsi, madamuwo anandigwira dzanja, nkhope ili ngwee.

"Yewu ukongwa, zikomo kwambiri anzanga, pondibwereka mwana. Ndimapanga ntchito ya mawu a pabanja, ndiye kwathu tili ndi anyamata okhaokha, mtsikana timusowa. Mwaiona kale?"

Ndinati ndaiona, yakongola. Ndinali ndisanaione. Analibe choipa chilichonse mumtima mayi ameneyu, ndipo zimenezo n'zomwe zinkandinyansa kwambiri, chifukwa ndinalibe pomugwira.

Belu la buleki litalira ndinakakhala ndekha kuseri kwa kalasi n'kutsegula ntchito ija pa foni. Chinali chithunzi cha pa khonde la kwawo. Agogo pa mkeka, abambo pa mpando, anyamata ataimirira kumbuyo. Pakati panali madamu, ndipo mwana wanga atawatsamira paphewa, atavala chitenje chofanana ndi chawo, tsitsi atamuluka mwa mtundu wina, osati mmene ndinamulukira ine. Ankaseka kuseka kwina kumene kunyumba ndinali ndisanakuone kwa nthawi yaitali. Sukulu yonse inali itaona kale chithunzi chimenechi.

M'munsi munali mawu a Chingerezi oti akokedwe. Ndinakoka a agogo, a bambo, a mchimwene, zonse bwinobwino. Anatsala otanthauza mayi. Ndinayesa kuwalumpha kuti ndione chithunzi chotsatira, koma foni inakana, osamaliza palibe kupita patsogolo. Ndinayesa kuwasiya pa khoma, anabwerera m'munsi. Ndinakhala ndikuwayang'ana mpaka belu linaliranso, ana anga a Chichewa akundidikira. Kenaka ndi chala changa chomwe ndinawakoka n'kuwaika pa chifuwa cha mayi uja, pafupi ndi tsaya la mwana wanga, foni n'kundiuza kuti ndakhoza.